Kabatile ka Mtima wa Atate Ako

Nyimba,
Lachisanu masana.

Mwana wanga Mwanida,

Malaiti apita kuyambila m'mawa, ndiye pashopu palibe chochita. Mawailesi atatu ndi filiji ya aphunzitsi angondiyang'ana. Ndati m'malo moingitsa ntchentche ndikulembele, pakuti pakamwa iwe ndi ine sitimaliza nkhani. Ndikayamba iwe ulila, ine ndikwiya, kenaka tonse tiyamba kukamba za nkhuku. Ukabwelako ku Kalindawalo kumene wapita kukalaila abale a amai ako, upeza kalatayi pa chikwama chako.

Pa Sondo unaima pakhomo n'kundiuza kuti, "Atate, ngati simuvomela kupita ku Lusaka akakuikeni kabatile ka mtima, ine basi ya ku Ndola sindikwela." Ndinamva. Ndidziwanso kuti ukapanda kufika kukoleji Lolemba, malo ako apatsa wina, ndipo maphunzilo okonza makina a m'chipatala sapezeka ngati mango. Basi yako ndi ya mailo, Loweluka m'mawa, choncho yankho uyenela kulipeza lelo. Lili m'kalata muno. Koma usathamangile kumapeto monga umachitila ndi mabuku ako. Uyambe pano, chifukwa yankho lopanda zimene ndikuuze pakatipa ungalimve molakwika.

Adokotala anandifotokozela bwino, sindingawanamizile. Ati mtima wanga ugunda mochedwa, nthawi zina umaima kaye, ndiye chifukwa chake ndimagwa. Ati pali kachipangizo kakang'ono ngati bokosi la machesi, kokhala ndi batile yake, kamene amaika pansi pa khungu pachifuwa, ndipo mtima ukachita ulesi kamaukumbutsa ntchito. Ine wokonza mawailesi zimenezi sizinandivute kumva. Chimene chandikhalitsa chete miyezi iwiliyi si kusamvetsa ai. Ndinalakwitsapo kawili pa nkhani ya makina ndi moyo wa munthu, ndipo kawili konse ndinali ndi dzina la Mulungu pakamwa.

Kulakwa koyamba kunachitika iwe usanabadwe. Udziwa kuti unali ndi mkulu wako Malita amene anamwalila ali ndi zaka zitatu. Tinakuuza kuti chinali chibayo, ndipo n'zoona, koma si zoona zonse. Nthawi imeneyo tinali kukhala ku Kalindawalo, ine ndili mkamwini kwa amai ako. Mwezi wozizila mwana anayamba kupuma mothamanga, nthiti zikulowa mkati. Tinapita naye kuchipatala panjinga, amai ako atam'beleka kumbuyo. Anesi atangomuona anakoka botolo lalitali la okosijeni, n'kumuika timapaipi m'mphuno. Mwana analila, akufuna kutichotsa.

Ndinatuluka kukafuna madzi otentha kumene odwazika matenda amaphikila. Azimai a kumeneko atamva kuti mwana wathu amuika pa botolo, anayang'anana. Mmodzi anati botolo limenelo limayamwa mpweya wa munthu, wina anati iye wakhala pamenepo milungu itatu ndipo aliyense amene anamuika anatuluka atafundidwa kumaso. Sananene mwankhanza, anali kundimvela chisoni. Ndinabwelela m'wodi, ndinachotsa timapaipi tija ndi manja angawa. Anesi anandipempha, anandichondelela, mpaka anaitana mnzawo. Ine ndinakweza mau kuti wodi yonse imve, ndinati moyo ndi wa Mulungu, suonjezeledwa ndi botolo. Odwazika ena anavomela ndi mitu. Ndinasaina pepala lotuluka naye. Amai ako anangom'beleka mwana n'kunditsatila, chifukwa masiku amenewo ndikakweza mau panalibe woyankha. Kumudzi a mphakati wathu wa kutchalitchi anabwela, tinapemphela kolona masiku awili. Tsiku lachitatu m'mawa Malita anapita.

Patapita zaka, munthu wina wokonza makina a m'chipatala anabwela ndi wailesi yake pashopu. Tili kucheza ndinamufunsa za botolo lija ngati nkhani ya munthu wina. Anaseka. Anati mulibe china koma mpweya womwe tipumawu, wosefedwa chabe, ndipo kale botolo linali kukhala limodzi chipatala chonse, ndiye anali kuliika pa amene wafika kale pakhomo la imfa. Ndiye chifukwa chake anthu anali kuona maliro okhaokha. Ndinamaliza kukonza wailesi yake, ndinam'patsa, ndinatseka shopu. Safunsa anadya phula, Mwanida. Funso limenelo likanatenga mphindi imodzi pa tsiku lija, koma ndinaopa kuoneka mbuli pamaso pa nesi wamng'ono kwa ine.

Ndiye ukadzayamba ntchito, udzakumana ndi anthu onga ine wa nthawi ija. Adzabwela ndi nsapato za matayala, adzakana makina ako, adzatchula Mulungu. Usadzawaseke. Si opusa, awelenga zimene maso awo aona. Udzawakhazike pansi, udzawaonetse pamene mpweya ulowela ndi pamene utulukila, ngati n'kotheka udzaike kapaipiko m'mphuno mwako iwo akuona. Ukambe nawo Chinsenga kapena Chinyanja, Chizungu usungile mayeso. Ndipo ukamva munthu watchula Mulungu mofulumila ndi mokweza, umuyang'ane m'maso, kawilikawili ndi mantha amene akulankhula.

Tsiku lina unandionetsa pafoni za anthu olemela a kunja amene afuna kukhala ndi moyo zaka mazana, ena mpaka kulamula kuti akafa mitembo yawo aisunge m'madzi oundana kudikila nzelu zatsopano. Unandifunsa ngati ndi tchimo. Kaya, ine si wansembe. Ndingoti ndakonza mafiliji ambili, ndidziwa zimene zimachitika malaiti akapita masiku atatu. Koma sindiwaseka kwambili anthu amenewo, pakuti mtima umene uwachititsa zimenezo ndinakhala nawo inenso, kungoti wanga unalibe chuma.

Kulakwa kwachiwili ndi kwa amai ako. Apa uwelenge utakhala pansi. Iwe unali kusukulu yogonela komweko, ukulemba mayeso a Giledi 12, ndipo tinagwilizana kuti tisakusokoneze. Mtima wawo unali utatopa kwa zaka, miyendo inatupa, madzi anafika m'mapapo. Tili kuchipatala cha kuno kwathu anali kulankhula bwinobwino, kungoti mopumila. Anandiitana pafupi n'kunena kuti, "Atake Mwanida, ndipelekeni kumudzi. Ndifuna ndikasiye mau lilime likali kugwila ntchito."

Udziwa mwambo wathu. Munthu wamkulu akaona kuti ulendo wayandikila amaitana mbumba, amanena za minda, za ana, amakhululukila amene anam'lakwila, iyenso amapepesa. Amai ako anali ndi nkhani ndi mng'ono wawo, amai ako aang'ono aTisauke, ya munda wa kudambo umene agogo ako anasiya. Zaka zisanu sanali kudyela mbale imodzi. Anafuna kukamaliza nkhani imeneyo. Amalume ako aDaka, eni mbumba, anabwela panjinga n'kunena kuti mlongo wawo wanena, timumvele. Pamwambo mau anali awo, ine mkamwini chabe.

Koma ine ndinali ndi Malita m'mutu. Ndinalumbila kale kuti sindidzachotsanso munthu wanga pa makina. Ndinafunsa adokotala ngati kulibe kwina, iwo anati ku Lusaka kuli makina opumila munthu, koma anandiuza mosabisa kuti kwa mtima wofika pamenepo makinawo angaonjezele masiku, sangachilitse. Ndinamva mau oti masiku, enawo ndinawataya. Ndinawakalipila amalume ako pakhonde la chipatala, anthu akuona. Ndinati Mulungu ndiye anapatsa anthu nzelu zopangila makina, wowakana akukana mphatso yake. Waona? Mulungu yemwe uja, pakamwa pomwe paja, mau okha atembenuka. ADaka anangoti, "Chabwino alamu, mwatenga mtolo," n'kukwela njinga yawo.

Mu ambulansi amai ako anandifunsa kawili ngati imeneyi ndi njila ya kumudzi. Ndinati tikapezako bwino tidzabwelela. Titafika ku Lusaka anakomoka, ndipo anawalowetsa paipi pakhosi. Adokotala ndi anesi a kumeneko anagwila ntchito yawo ndi mtima wonse, ndilibe nawo mlandu. Anachita zimene ine ndinapempha, ndipo walila mvula walila matope. Amai ako anakhala masiku khumi ndi limodzi. Nthawi zina anali kutsegula maso, kundizindikila, milomo ikuyenda koma mau osatuluka chifukwa cha paipi. Manja anawamanga ndi nsalu kubedi kuti asaizule. Ndinawapatsa pensulo ndi pepala, dzanja linalibe mphamvu, panatuluka mizele chabe. Anali kundikanda pachikhatho ndi chala, kukanda, kukanda, ine ndikuti, inde, inde, ndamva, pamene sindinamve kanthu. Wansembe anabwela kudzawadzoza mafuta, koma sanathe kulapa, ndipo Ukalistia umene anali kuuyendela wapansi mpaka kumishoni ya ku Minga kuyambila ali mtsikana sanathe kuulandila.

Iwe ndinakuuza kuti amai ako anapita mwamtendele ali m'tulo. Ndinanama, ndipo ndikupepesa. Wakhala ukufunsa chifukwa chake munda wa kudambo wamela tchile pamene nthaka yake ndi yabwino. Chifukwa ndi chimenechi. ATisauke akuti sangaikemo khasu osadziwa chimene mkulu wawo anafuna kunena, kaya anafuna kuwapatsa, kaya kuwaletsa. Palibe angawayankhe. Amalume ako amandipatsa moni, timadyela limodzi pamalilo, koma nkhani imeneyi sanaitchulepo, ndipo kusatchulako kumandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Masiku khumi ndi limodzi amenewo sanali a amai ako, anali anga. Ndine amene ndinali kuopa kubwelela kunyumba ndekha. Ichi uchisunge, Mwanida, pakuti kukoleji sadzakuphunzitsa. Adzakuphunzitsa kuti makina akuyenda bwino kapena ai, ndipo uphunzile ndithu, usakhale wokonza wongoyelekeza. Koma makina akhoza kuyenda bwino kwambili pa munthu amene akupempha kupita kwawo. Ukadzaona achibale akukangana pakhonde, udzafunse funso limodzi: kodi mwini wake anati chiyani? Ukadzapeza kuti palibe anam'funsa, ndipo akali kulankhula, udzawakankhile mkati akam'funse msanga.

Kulakwa kwachitatu ndi kwakung'ono, koma ndikuuze kuti mbale itsukike yonse. Kugwa kwanga sikunayambe mwezi wa Epulo pamene unandipeza pansi kuseli kwa shopu. Kunayamba chaka chatha. Tsiku lija ndinabwela ndi bondo lotupa kuchokela ku Petauke n'kukuuza kuti njinga inatelela pamchenga, panalibe mchenga. Ndinangoona mdima, ndinadzuka ndili m'munda wa thonje wa eni ake, mbuzi zikundinunkhiza. Ndinabisa chifukwa ndinadziwa kuti ndikanena, nkhani ya makina ibwelanso m'nyumba mwanga. Ndinali kudziuza kuti ndadzipeleka m'manja mwa Mulungu. Zoona zake, ndinali kuthawa kusankha. Iwe usatengele zimenezi. Ukadwala ku Ndola unene, usadikile kuti akutole.

Lachitatu ndinapita kwa abambo a kupalishi, okalamba aja amene umati amalalika ngati akuwelenga mndandanda wa feteleza. Ndinawauza zonsezi, zina kwa nthawi yoyamba. Ndinawafunsa kuti kodi kuika batile pamtima si kulanda ntchito ya Mulungu, ndipo kuikana si kudzipha? Sanafulumile. Anatsegula kabati n'kundionetsa majakisoni a shuga amene amadzibaya m'mawa uliwonse asanayambe Misa. Anati popanda amenewo akanaikidwa kale, ndipo sanamvepo kuti Mulungu wakhumudwa nawo. Anati Mpingo sutiuza kutaya moyo umene ungasamalike, komanso sutikakamiza kugwila chingwe chilichonse pamene ulendo wafika. Ndinawapempha kuti andiuze malile ake ali pati. Anati alibe mita yopimila zimenezo, koma iwo amafunsa ngati chinthucho chikubwezela munthu kwa anthu ake ndi kwa Mulungu wake, kapena chikungomusunga kutali ndi onse awili. Kenaka anandifunsa ngati ndingawaonele wailesi yawo imene ikulila ngati njuchi.

Zina zing'onozing'ono ndisanaiwale. M'thumba la pambali la chikwama chako ndaikamo mita yanga yopimila malaiti, yachikasu ija. Ndi yakale koma sinama. Usabweleke munthu, zipangizo zobwelekedwa sizidziwa njila yobwelela. Makina akakana kuyaka uyambe kuona waya ndi pulagi usanatsegule mimba yake, pakuti theka la matenda a makina lili pakhoma. Ukamasula zomangila uziike m'kambale, osati m'thumba. Ku Ndola kumazizila, juzi ya amai ako yobiliwila utenge, usachite nayo manyazi. Upeze tchalitchi sabata yoyamba, usadikile mavuto kuti akupelekeze. Anyamata a kumeneko ali ndi pakamwa potsekemela, ndiye ukamva wina akukuuza kuti maphunzilo angadikile, umufunse ngati iye angadikile. Zina zonse udziwa kale, sindinalele chitsilu.

Manje yankho lako. Kabatile ndavomela. Ndatumila kale adokotala foni, andilembela tsiku mwezi wamawa, ndipo atate ako aakazi aMalita, alongo anga amene tinatchulila mkulu wako dzina, adzandipelekeza. Sindinavomele chifukwa choti wandiopseza ndi basi, ngakhale kuti waonetsa kuuma mutu kwa kwanu. Ndavomela chifukwa kachipangizo kameneka kadzandibwezela pashopu, kutchalitchi ndi panjinga, ndili ndi pakamwa panga. Kukakana kukanakhala kuchotsanso timapaipi m'mphuno mwa Malita. Ndiye mailo ukwele basi. Ukatsala, udzakhala wataya malo ako pachabe, pakuti ku Lusaka ndipita ngakhale iwe ulipo kapena kulibe.

Koma pali mbali yachiwili, ndipo imeneyi ndi yako. Kabatile sikachotsa imfa, kamangoiuza kuti idikile panja. Tsiku lidzafika, kaya patapita zaka zingati, pamene adokotala adzanena mau amene ananena za amai ako, oti makina angaonjezele masiku koma sangachilitse. Tsiku limenelo sindifuna paipi pakhosi. Sindifuna kumangidwa manja. Ndifuna munditengele kumudzi lilime likali kugwila ntchito, muitane aDaka ndi aTisauke, pakuti ndili nawo mau, muitanenso wansembe ndikali wotha kumeza.

Pamwambo, nkhani ya matenda anga ndi ya alongo anga ndi ana awo, iwe ndiwe wa mbumba ya aDaka. Koma ndakamba nawo, ndipo avomela kuti pa nkhani iyi yokha mau adzakhala ako. Ndalembanso pepala, lina lili kwa abambo kupalishi, lina m'chitini cha zitupa. Ndasankha iwe chifukwa pa tsikulo udzakhala wodziwa makina kuposa tonse. Udzadziwa dzina la makina amene angandisunge sabata ina, udzadziwa chipinda chimene ali, mwina udzakhala utawakonza ndi manja ako. Anzako a ntchito adzakuuza kuti tiyese. Mtima wako udzakuuza kuti mwana amene anaphunzila zonsezi sangalole atate ake kupita pamene switchi ili pafupi. Ndiudziwa mtima umenewo, unautengela kwa ine, ndipo udzakupatsa vesi la m'Baibulo loti unene.

Ndidziwa kuti ndakusenzetsa katundu wolemela pa tsiku loti ukondwele. Ndikanakonda kukupatsa nkhuku ndi madalitso chabe ngati makolo ena. Koma ndimakukonda, ndipo sindifuna kuti udzakhale zaka zako zonse ukuyang'ana pachikhatho, kuyesa kuwelenga zimene munthu anakanda. Ine ndanena zanga ndikali ndi mau, ndipo wazimva.

Pita ukaphunzile kuyatsa makina onse amene alipo, uwadziwe mpaka kamsomali kotsiliza, upulumutse nawo ana a anthu ambili monga ungathele. Ndipo tsiku langa likadzafika, adokotala akadzakuyang'ana kudikila yankho, udzawauze kuti, "Atate anakana. Tipatseni galimoto, tipita nawo kumudzi."

Uyende bwino, Mulungu akutsogolele.

Ndine atate ako,
S. Mumba